Tsiku Limene Anaveka Layisoni Mahedifoni

Ndikukumbukira bwinobwino kuti nkhaniyi anabwera nayo pakhomo pathu ndi a Nachisale, mayi amene ankagulitsa zitumbuwa pansi pa mtengo wa m'bawa pasukulu yathu, kuseri kwa phiri kufupi ndi Bowe. Iwo aja nkhani ankaimva isanatuluke n'komwe m'kamwa mwa mwini wake. Anatipeza tikutonola chimanga pakhonde, ndipo anayamba kulankhula dengu lidakali pamutu.

"Inu amake Marita, Mulungu wakumbukira mwana wanu! Kusukulu kukubwera alendo ndi makina ophunzitsira ana osamva. Ati m'kati mwake muli intaneti. Ahedi akuti Lachisanu mubwere naye Layisoni."

Amayi anafunsa kuti intanetiyo imaoneka bwanji. A Nachisale anati iwo sanaione, koma akumva kuti imadziwa zonse, ngakhale zimene aphunzitsi sadziwa.

Marita ndine. Layisoni ndi mlongo wanga wondiponda pamutu. Malungo aakulu anamutseka makutu ali ndi zaka zitatu, ndipo timawu tochepa timene anali atayamba kulankhula tinapitira limodzi. Nthawi imeneyo anali ndi zaka zisanu ndi zinayi, ine ndili Sitandade 5. Kawiri konse amayi anali atapita naye kukamulembetsa, ndipo kawiri konse ahedi omwewo anawabweza, ati, "Mayi, gonthi timuphunzitsa bwanji? Azikadyetsa mbuzi." Choncho m'mawa uliwonse ankangondiperekeza mpaka pa mlatho wamitengo, n'kuima pamenepo kuonerera ana a yunifomu akukwera chitunda.

Pakhomo tinali ndi kalankhulidwe kathukathu ka manja. Akagwira mfundo ya chitenje ndiye kuti akunena amayi, akakanda chibwano akunena bambo, akaika zala ziwiri pamphumi ndiye mbuzi. Chizindikiro cha sukulu anachipeka yekha: kulemba pachikhatho ndi chala. Tsiku limenelo ndinalemba pachikhatho changa, kenako n'kumuloza iyeyo pachifuwa. Anandiyang'ana nthawi yaitali, kuti aone ngati ndikumuseka. Ataona kuti ndikunenetsa, anathamanga kuzungulira nkhokwe katatu mpaka nkhuku zonse kubalalika. Amayi anatigwaditsa pompo pa zisononkho, n'kuthokoza Ambuye.

Sabata yonseyo kusukulu sitinagwire cholembera. Atsikana tinazira makalasi mpaka manja kung'ambika, anyamata anapaka laimu miyala yonse ya m'mbali mwa njira, ngakhale mtengo wa a Nachisale unavekedwa sokosi yoyera. Tinaphunzira nyimbo yolandirira alendo, ya Chingerezi, imene mpaka lero sindidziwa kuti tinkati chiyani. Amayi anakabwereka yunifomu kwa msuweni wathu. Kabudula anali wamkulu moti akanalowamo awiri, ndiye anam'mangira ndi luzi m'chiuno. Layisoni anasamba kawiri, nadzola mafuta mpaka mphumi kunyezimira.

Lachisanu kunacha ndi nkhungu yochokera ku mapiri a Ntchisi, kuzizira kwa mwezi wa Juni kolowa m'mafupa. Titafika tinapeza kuti ahedi asonkhanitsa ana asanu ochokera m'midzi yozungulira. Panali mtsikana woyendera ndodo, mnyamata wachialubino, ndi ena. Onsewo, abale anga, anali ana amene iwo omwewo anawabweza pakhomo la ofesi. Lero anawakhazika pa benchi yakutsogolo, pamene ife ana a masiku onse tinakhala pansi. Magetsi pasukulupo panalibe, ndiye anakabwereka jenereta kwa bambo wina woonetsa mavidiyo ku Madisi, n'kubwera nayo pangolo. Tinaimba nyimbo ija kuyambira m'mawa mpaka mawu kusasa. Alendo anafika dzuwa litapendeka, pa magalimoto awiri oyera.

Ahedi anaimirira, naloza benchi ija, nati, "Awa ndi ana athu apamtima. Timawakonda kwambiri pasukulu pano." A Nachisale, amene anali kumbuyo kwanga, ananong'ona kuti, "Chikondi chimenechi chatuluka ndi dzuwa la lero, chilowanso nalo."

Kenako bambo wina wa tayi wa ku bungwe la alendowo anavundukula kompyuta. Anafotokoza kuti m'menemo muli maphunziro a dziko lonse lapansi, mphunzitsi akangodina kabatani aona mmene angaphunzitsire mwana wosaona, wosamva, ngakhale wochedwa kugwira zinthu. Anadinadi. Pagalasi panatuluka kanthu kozungulira. Kanazungulira, ife kudikira. Kanazungulirabe. Jenereta ikulira, utsi wake ukutilowa m'mphuno, mafumu akutsokomola. Bamboyo anatuluka panja ndi kachipangizo kena, nakakweza m'mwamba ngati akuitana mvula, n'kubwerako akuti netiweki ya kuno ndi yovuta. Basi anagwirizana zoti angojambula zithunzi.

Anasankha Layisoni, kaya chifukwa cha mphumi yonyezimira ija. Anamukhazika pampando patsogolo pa kompyuta. Ndiyeno, inu anthu a Mulungu, anatenga mahedifoni, zomvera zikuluzikulu zija, n'kumuveka m'makutu. Mwana wosamva! Anthu ophunzira, obwera pa magalimoto awiri! Ndinatsegula pakamwa kuti ndinene, koma aphunzitsi athu ananditsina pamkono, nati, "Iwe khala chete, ungomuuza amwetulire."

Sindinafunike kumuuza. Layisoni anamwetulira yekha, mano onse panja. Ahedi analumpha n'kufuula, "Taonani, akumva! Akumva!" Amayi a m'mudzi analulutira, m'manja munaombedwa, mayi mmodzi mwa alendowo anapukuta misozi ndi kampango. Koma ine ndinaona kumene maso ake analoza. Kumbuyo kwa alendo, nkhuku ya ahedi inali itakwera patebulo, ikujompha mabisiketi awo mosatekeseka. Kenako anandikodola, nagwira mahedifoni aja, n'kundisonyeza ndi manja kuti zinthuzi n'zabwino, zikufunditsa makutu. Ntchito yokhayo ndi imene makina aja anamugwirira mlongo wanga.

Lolemba Layisoni anadzuka ine ndisanadzuke. Anawoloka mlatho uja koyamba ngati mwana wasukulu, kope lakale langa lili m'khwapa. Pa asembule anaima pambali panga, chifuwa panja. Ahedi atamuona anafunsa kuti, "Nanga uyu akufuna chiyani?" Ndinati wabwera kudzaphunzira, monga ananenera alendo. Iwo anati, "Pulogalamu sinayambe. Muuze abwerere, tidzakuuzani."

Ana onse anatembenuka kutiyang'ana. Layisoni anandikoka dilesi kuti ndimuuze zimene anena. Kalankhulidwe kathu kanalibe chizindikiro cha pulogalamu, kanalibenso cha "tidzakuuzani". Mapeto ake ndinakweza zala ziwiri n'kuziika pamphumi. Mbuzi. Ambuye andikhululukire, ndine amene ndinamuuza ndi manja angawa. Sanalire. Anandibwezera kope lija, n'kutsika chitunda akugwirira kabudula. Kuyambira tsiku limenelo sanandiperekezenso ku mlatho.

Nanga kompyuta ija? Aphunzitsi awiri anapita kukaphunzira kagwiritsidwe kake, n'kubwerako ndi malaya olembedwalembedwa. Mmodzi anasamutsidwa chaka chomwecho, napita ndi nambala yotsegulira makinawo m'mutu mwake. Winayo ankati akudikira jenereta. Kompyutayo inakhala mu ofesi ya ahedi, itafunditsidwa nsalu yoluka, pamwamba pake pali botolo la maluwa apulasitiki, mpaka mavu anamangamo nyumba. Chaka chotsatira ndinatumidwa kukatenga choko mu ofesimo, ndipo pakhoma ndinaona kalendala ya bungwe lija. Pamenepo panali Layisoni, mahedifoni m'makutu, akusekerera nkhuku. Analowadi sukulu mlongo wanga, koma pa kalendala.

Lero ndine mayi wa ana anayi, ndipo sindingakane, zinthu zasintha. Pasukulu yomweyo pali mphunzitsi wachitsikana, a Madamu Chikaonda, amene m'kalasi mwawo muli ana awiri osamva. Alibe galimoto yoyera, alibe nyimbo yowalandira. Ali ndi foni yong'aluka galasi, yomangidwa ndi mphira. Loweruka amakwera pachulu cha kuseri kwa chigayo, pamene netiweki imagwirako, n'kukopera timavidiyo ta chinenero chamanja, kenako amaphunzira okha n'kukaphunzitsa anawo. Intaneti ija inalikodi, abale. Chimene chinkasowa ndi munthu wokwera pachulu. Atamva za Layisoni anabwera okha pakhomo kudzamuitana, ndipo tsopano Lachitatu lililonse masana Layisoni amapita kukakhala nawo. Mwezi wathawu Layisoni, munthu wa ndevu zake, anakhala pamphasa n'kutchula dzina lake ndi zala, chilembo ndi chilembo, amayi akuonerera. Ndinathawira kukhitchini kukalira. Mulungu awadalitse madamu amenewa.

Koma khalidwe lija silinafe. Dzana kunabwera uthenga wochokera kwa ahedi atsopano, woti kukubwera alendo ndi matabuleti, ndiye akupempha Layisoni akaonekere, ati ndi chitsanzo chabwino. Ana asiya kale makope, ali pa laimu. Ndinamufotokozera, popeza tsopano manja athu ali ndi mawu okwanira. Anaseka, naphimba makutu ake ndi zikhatho ngati mahedifoni, kenako anaika zala ziwiri pamphumi. Akuti tsiku limenelo ali ndi mbuzi zodyetsa. Lachitatu ndiye apita.

Inu amene mwawerenga izi, mukamagwada muzitikumbukira ife a pakhomo pano. Mukumbukire amayi, amene maso ayamba kuchita nkhungu pa nthawi imene mwana wawo wayamba kulankhula ndi zala. Mukumbukirenso Layisoni, kuti Ambuye amupatse masiku okwanira kunena zonse zimene wakhala akusunga chiyambire pa mlatho paja.