Nkhope ya a Makaiko

A Makaiko, telala wa pa Naisi, ankawerenga nyuzipepala nkhope ili gwa. Anaphunzira zimenezi kale, mng'ono wawo ataseka mutu wa nkhani pagulu, n'kutengedwa pagalimoto osabwereranso.

Mu 1995 kunabwera mayi wa kuyunivesite, wofufuza mmene nkhani zimakhudzira mitima ya owerenga. Anawapatsa nyuzipepala, n'kukhala pakhonde akuwayang'anitsitsa kumaso, cholembera chili m'manja. A Makaiko anawerenga mayina a anthu ofera m'ndende, limodzi limodzi, osaphethira. Mayiyo sanawafunse chilichonse.

Patapita zaka ziwiri, papepala lokulungira usipa, anaona kuti mayi uja tsopano ndi Dokotala, chifukwa anapeza zoti anthu akumudzi nkhani siziwakhudza. Anawerenga mpaka kumapeto, nkhope ili gwa.