Tsiku limene a Rozina ananditula beseni

Ndikakumbukira a Rozina, m'mphuno mwanga mumabwerera utsi wa nkhuni za bulugamu ndi fungo la nyemba za kalongonda zimene zinkawira tsiku lathunthu kuseri kwa nyumba yawo, iwo akutaya madzi akuda aja n'kuthiramo ena, kwinaku akung'ung'udza nyimbo ya Chilomwe. Tinkayandikana nyumba kwathu ku Limbuli. Anabwera nthawi ya nkhondo kuchokera ku Mozambique, ndipo sanabwererenso.

Anthu ankawaopa pakamwa. Mayi aja sankadziwa kuzungulira. Ukavala chitenje chong'ambika kumbuyo, ena onse amangokuseka ukadutsa, koma iwo amakukokera pambali n'kunena kuti, "Chang'ambika," singano ili kale m'manja. Ine ndinkawathawa, sindinama.

Ndili ndi zaka khumi ndi ziwiri, bambo anagonekedwa kuchipatala cha ku boma, amayi akuwadikirira. Loweruka lina ndinanyamula beseni la nanazi kupita kumsika, koma chinanazi chimodzi, chachikulu kuposa zonse, ndinachikulunga padera kuti ndikawapatse bambo mawa lake. Sindinadziwe kuti uthenga unali utafika kale pamudzi, ndipo amalume anali atalamula kuti mwanayo angomuuza kuti bambo ake adwalika, akumufuna. Kwathu maliro timanena choncho.

A Rozina anandipeza panjira ya m'munda wa tiyi, thukuta lili kamukamu, mapazi ali mbuu. Sanandipatse moni. Ananditula beseni, n'kuliika pansi bwinobwino. Kenako anakhala pa dothi, mayi wamkulu ngati uja, n'kutambasula miyendo, nandikhazika pambali pawo. Anandigwira manja onse awiri mpaka ndinawayang'ana kumaso.

"Mwanaka, ndabwera ndi mawu olemera," anatero. "Bambo ako amwalira m'mawa uno. Sakudwala ayi. Amwalira."

Sananene kuti ndisalire, kapena kuti ndi chifuniro cha Mulungu. Ndinakuwa, ndinawamenya pachifuwa, ndinawang'ambira bulauzi, iwo ali phee, osandisiya. Anthu a njinga ankadutsa akutiyang'ana. Misozi itaphwa anandifunsa ngati ndikufuna kumva mmene zinakhalira, ndipo anandiuza zokhazo zimene ndinafunsa. Beseni analisenza okha.

Titafika kunyumba, amalume anapsa mtima. "Mwana amauzidwa choncho, mayi? Mukufuna akomoke panjira?"

A Rozina anagwada monga mwa ulemu, koma mawu awo sanagwade. "Achimwene, ine anandiuza kuti mwamuna wanga wadwalika. Ndinayenda masiku awiri ndi nkhuku kukhwapa, ndikupemphera njira yonse kuti ndikamuphikire msuzi. Ndinapeza mtumbira. Onse amene ndinakumana nawo panjira ankadziwa, wopusa ndinali ine ndekha. Mwana uyu sindimuyendetsa ulendo umenewo."

Amalume, munthu amene sankagonja pa mlandu, anangoyang'ana pansi. Mpaka lero ndimazizwa kuti mayi amene sanapiteko kusukulu, wolankhula Chichewa chopindika, anadziwa bwanji kuti choonadi chimafuna munthu atayamba watula katundu, atakhala pansi, wina atamugwira.

Pano ndine namwino. Mwezi wathawu bambo wina anatisiya mbandakucha, mkazi wake atapita kukaphika phala. Nditamuona akubwera m'khonde ndi kontena m'manja, mnzanga anandinong'oneza kuti, "Tingomuuza kuti adokotala akuyesetsa, abale ake akabwera adzamuuza okha."

Ndinapita kukakumana naye. Ndinamulandira kontena ija, ikadali yotentha, n'kuiika pawindo. Kenako ndinakhala pansi pa simenti ndi yunifolomu yanga yoyera, anthu akundiyang'ana, ndipo ndinamupempha kuti andipatse manja ake onse awiri.