Zilembo Zitatu za Oronzo

Kwathu ku Salento, m'bala ya Mayi Titina unkatha kunyoza meya ngakhale wansembe, koma osayerekeza kukhudza chingwe cha makina a pakona. Ine, wometa wa khomo loyandikana nalo, ndinalawapo chikolopa kumsana chifukwa chongopunthwa pachingwepo.

Makinawo anali bokosi lalitali ngati kabati, lagalasi kutsogolo. Ukaponyamo kandalama, tizilombo tinkatsika m'mizeremizere, iwe uli pansi ndi kamfuti, kuwombera uku ukuzemba. Tizilomboto tikamachepa m'pamene tinkathamanga kwambiri, du du du, mtima nawonso n'kumatsatira. Woposa onse ankalemba zilembo zitatu pamwamba pa galasi, ndipo zinkakhala pomwepo mpaka wina amupose kapena makina azime.

Mwamuna wa Titina, Oronzo, bambo wa imvi zake, anakomedwa nawo masewerawo.

"Nkhalamba iwe, makapuwa atsuka ndani?" Titina ankakalipa.

"Tadikira mkazanga, dziko lathiridwa nkhondo kuno!"

Tsiku lina analembadi ORO pamwamba. Nyengo yachisanu yotsatira mtima wake unangoima, tinakamuika.

Kuyambira pamenepo makinawo sanazimenso. Mlamu wake wa Titina analumikiza mabatire a galimoto kuti magetsi akathima, dzina lisafufutike. Wosewera akayandikira kuposa Oronzo, mayiyo ankaima kumbuyo kwake manja ali m'chiuno, ndipo chala cha munthuyo chinkangofooka chokha. Tinkamuseka, inde, koma tinkadziwa kuti m'mawa uliwonse, asanateleke khofi, ankayamba wapereka moni ku zilembo zija.

Patapita zaka, mphepo yamkuntho inagwetsa mapolo, magetsi n'kuthima masiku angapo. Mabatire aja anatha. M'mawa wina ndinamupeza Titina atakhala pampando, mawindo osatsegula, akuyang'ana galasi lakuda bii.

"Wandisiya kachiwiri," anatero.

Kunena zoona, ndinamva chisoni. Ndinangopita kukatsegula mawindo. Dzuwa litawomba pagalasi, ndinafuula, "Mayi Titina, taonani!"

Zilembo zija, pokhala malo amodzi zaka zonsezo, zinali zitawotcha galasi mkati. ORO ankaoneka ndithu, motuwa ngati chipsera. Titina anapukutapo ndi epuloni, koma zilembozo sizinachoke. Anapukutanso. Kenako anaseka, misozi ili chuchuchu.

"Nkhalamba yamakani iwe! Mpaka lero ukukana kuchoka pamakinapa?"