Nthunzi ya bulugama

Bulangete lija linali lotuwa, la kumugodi, lokanda ngati chitedze. Amalume analitenga kukomboni ya mugodi wa pulatinamu kumene ankagwira umalayisha, ntchito yopakira miyala. Inu adzukulu a ku Mogwase ogona m'zofunda za maluwa, lija likadakusendani khungu.

Ndinali ndi zaka khumi, ndipo tinkakhala ku Bethanie m'kanyumba kamalata kuseri kwa nyumba ya Atswana ena. Amayi anachoka ku Ntcheu kutsata abambo kuno ku Joni, abambowo n'kutchonanso kachiwiri, kutisiya m'manja mwa amalume.

Chilimwe cha chaka chimenecho mwendo wamanzere wa amayi unayamba kukwakwaza pansi. Zala zinkachita dzanzi, diso limodzi linkaona ngati muli chifunga, ndipo akaweramitsa khosi ankati china chake chawalasa msana wonse ngati magetsi. Azimayi a pafupi nafe ankanong'onezana kuti Mnyasa uja wayamba kumwa. Munthu woti ngakhale thobwa ankayamba walinunkhiza!

Amalume anali ndi mankhwala amodzi basi: thukuta. Ankati tsiku lomwe analembedwa ntchito, azungu anawatsekera m'chipinda chotentha, kukwera ndi kutsika pa sitepe mpaka anzawo kukomoka, iwo n'kutulukamo ngati chitsulo. Ndiye analamula kuti amayi azifukizidwa tsiku lililonse: mphika wa madzi obwadamuka, masamba a bulugama, bulangete pamwamba. Anawonjezanso lamulo lina. Amayi akalephera kuyenda okha kukafika pachipata pofika Khirisimasi, awaperekeza kumudzi ku Ntcheu, ine nditsale kwa aphunzitsi anga ndizipitiriza sukulu.

Amalumewo ankabwera Loweruka lokha, choncho ng'anga ya masiku enawo ndinali ine. Ndikavundukula bulangete, amayi ankatuluka ali lefu, miyendo ngati zingwe, diso lija litaderatu. Amalume ankati ndiwo matenda akutuluka amenewo.

Pano mundilole ndidumphe zaka. Chaka chatha mdzukulu wanga wamkazi anayamba zomwezo, ndipo dokotala wa ku Rustenburg anatchula dzina lalitali loti mano anga otsalawa sangalitafune. Amangoti MS. Anati mitsempha ili ngati waya wamagetsi wokutidwa ndi mphira. Asilikali a m'thupi amasokonezeka n'kuyamba kuluma mphirayo, pamalopo n'kutupa, uthenga wopita kumwendo n'kumatayika m'njira. Anatinso thupi likatentha uthengawo umavutikiratu kudutsa, likazizira umayambanso kuyenda pang'ono. Amayi sanawayeze, ndiye sindingalumbire. Koma ine wa sitandade folo ndinatuluka m'chipindamo ndikukumbukira bulangete lija.

Tibwerere. Nkhuni ku Bethanie zinali kutali, ndipo ine ulesi ndinabadwa nawo. Tsiku lina ndinangothyola masamba, kuwaponya m'madzi ozizira a mumtsuko, n'kuwafunditsa amayi bulangete. M'bulangetemo munali zii. Kenako ndinamva madzi akuchucha: ankanyika mpango wawo n'kumadziika pakhosi ndi m'miyendo. Atatuluka anandiyang'ana nthawi yaitali, anagwira khoma, n'kuyenda mpaka pakhomo. Mawa lake bulangete tinangoliyala pambali kuti linyowe, lizinunkha bulugama. Milungu itatu tinaba choncho, mbala ziwiri, ndipo amayi anafika pa mtengo wa pichesi, theka la njira ya kuchipata. Komabe ndinkaona kapu ikuwapulumuka m'manja, mabatani a malaya anga akuwakanika.

Loweruka lomaliza Khirisimasi isanafike amalume anawapeza ataima pabwalo. Anasangalala, anadziguguda pachifuwa, n'kunena kuti lero afukiza okha, mwachimuna, kuti matenda otsalawo atheretu. Anabweretsa malasha. Mphika unabwata mpaka chivundikiro kuvina, dzuwa nalo lili pamutu, malata akulira. Ine mawu anali pakamwa, koma maso anali pa lamba wawo wa kumugodi, wachikopa chokhuthala. Amayi anandiyang'ana kamodzi, n'kulowa m'bulangetemo.

Atawavundukula, amalume anati, "Tiyeni achemwali, chipata ndi icho."

Amayi anadzuka, anaponya phazi limodzi, n'kugwa chafufumimba pafumbi.

Apo m'pamene ndinaulula, mochedwa ngati wapolisi. Ndinati madzi otentha ndiwo akuwapha, ozizira ndiwo anawayendetsa. Lamba uja ndinamulawa ndithu. Amalume ankamenya akunena kuti ndawononga mankhwala a milungu itatu, ndalowetsa chisanu m'mafupa a mlongo wawo. Musawaweruze msanga. Munthu uja ankayenda wapansi mtunda wautali Loweruka lililonse chifukwa cha mlongo wakeyo, ndipo ankapereka chokhacho chimene mugodi unamuphunzitsa.

Amayi ndi amalume ananyamuka ulendo wa kumudzi patapita masiku atatu, m'mamawa kusanatenthe, mvula itagwa usiku wake. Amalume anawerama kuti awabereke, koma amayi anakana. Anagwira ndodo, n'kuyamba kuyenda okha. Anadutsa pichesi uja. Anafika pachipata, natuluka.

Ndinakuwa kuti mudzi wonse umve: "Amalume, onani, afika! Sapitanso!"

Amalume anaima, katundu ali pamutu, kuyang'ana mlongo wawo ngati akufunsa. Ndikhulupirira amayi akadangotsegula pakamwa, tikadabwerera tonse m'nyumba. Koma amayi anayesa kundikonzera kolala, zala zikuterereka, n'kunena kuti, "Aphunzitsi akudikira. Usachedwe."

Anapitirira kumka kokwerera basi osacheuka. Ndinawakwiyira zaka zambiri, poti mayeso anakhoza koma anandisiyabe. Sindinkadziwa kuti iwo anali atawerenga kale zimene manja awo ankanena, ndi kuona amene akadasiya sukulu kuti aziwamwetsa madzi.