Ng'ombe Zimene Ndinasiya Kudambo

Nkhaniyi sindinauzepo munthu, ngakhale malemu mkazi wanga.

Lero m'mawa tinaima pasiteshoni ku Wakefield, sitima za ku Leeds ataziimitsa chifukwa cha chipale chofewa. Mabasi nawonso sankayenda. Mwana wanga ankangoyang'ana foni. "Adadi, kuchipatala kwanu kuja tikafika bwanji?" Apo mdzukulu wanga anatapa chipale n'kuponya m'kamwa. Mano anga anachita dzanzi ngati ndadya ndine.

Ndinkaweta ng'ombe kwathu ku Dedza, sukulu ndisanayambe. Tsiku lina masana kunagwa matalala aakuluakulu. Ndinasiya ng'ombe kudambo n'kutsatira anzanga kukatola matalala m'zipewa. Tinkawatafuna tikuseka.

Nditafika kunyumba ndinapeza ngolo ataitulutsa kale, goli lili pansi. M'nyumba amayi ankabuula. Anali oyembekezera, ndipo matenda anali atawayamba mwezi usanakwane.

"Ng'ombe zili kuti, iwe?" anafunsa bambo.

"Zathawa matalala," ndinanama.

Tinazifuna mpaka dzuwa kupendeka, osazipeza. Amuna anayi ananyamula amayi pamachira, akuterereka m'matope, chipatala chili kutali. Anabwerera panjira. Amayi anapulumuka, koma khandalo anakaliika azimayi okhaokha, kudambo komweko. Palibe amene anandimenya kapena kundikalipira.

M'mawa mwake ndinazipeza ng'ombezo zikudya chimanga m'munda wa eni. Ndinazikusira kunyumba n'kuzimanga pagoli ndekha. Kenako ndinaima pambali pa ngolo n'kumadikira, koma m'nyumba simunatuluke munthu.