Mayi Aminatu ndi Chiyankhulo cha Kompyuta

Lachisanu limene zotsatira za mayeso oyamba zinamatidwa pakhoma, dzina la Mayi Aminatu Kalimu linali pansi penipeni. Aphunzitsi makumi anayi anasonkhana m'holo ina ku Limbe kudzaphunzira mmene angaphunzitsire kompyuta kusekondale, ndipo pa onsewo otsiriza anali iwo.

Sanadzisankhe okha. Kwa zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi ankaphunzitsa Chichewa pasukulu yoyendera ku Chigumula. Koma mphunzitsi wa masamu amene amayenera kupita kumaphunzirowo anasamutsidwa, ndipo ahedi anangoti, "Mayi, pitani inuyo. Tikapanda kutumiza munthu, makompyuta khumi atilonjeza aja apita kusukulu ina."

Tsiku loyamba la maphunzirowo Mayi Aminatu ananyamula mausi ya kompyuta m'mwamba n'kuilozetsa kusikirini ngati rimoti ya wailesi ya kanema. Holo yonse inafa ndi phwete. Mphunzitsi wina wovala tayi, a Arthur, anauza mnzawo mokweza dala kuti, "Awa akanangotsala kundakatulo."

Tsono Mayi Aminatu ataona dzina lawo pansi Lachisanu lija, anadikira kuti onse atuluke. Kenako anapita kukatsanzika kwa a Nasreen, mayi amene ankawaphunzitsa.

"Ine zandikanika, Lolemba sindibweranso," anatero. "Koma ndisanapite, pali kanthu kakundisowetsa mtendere. Dzulo ndinalemba mizere isanu munatipatsa ija, chimakinachi n'kukana. Nditayang'anitsitsa ndinaona kuti ndaiwala mpatuliro umodzi. Nditauika, chinavomera. Chinadziwa bwanji? Anachiuza ndani?"

A Nasreen anaika chikwama chawo pansi. "Sabata yonseyi anthu akhala akundifunsa kuti adine pati. Inu ndinu oyamba kufunsa chifukwa chake."

Anakoka kompyuta yakale imene inali pakona n'kuitsegula m'mimba. Mayi Aminatu anasuzumira. Munali fumbi, mawaya, kafani kakang'ono ndi kathabwa kobiriwira.

"Mulibe nzeru muno," anatero a Nasreen. "Chinthuchi n'chouma mutu. Chimamva chiyankhulo chake chokha, ndipo chiyankhulocho chili ndi malamulo. Mukaphwanya lamulo limodzi, sichivutika n'kuganiza kuti mumafuna kunena chiyani."

"Malamulo a chiyankhulo?" Mayi Aminatu anaweramuka pang'onopang'ono. "Amayi, nanga si ntchito yanga imeneyo?"

Lolemba anabweranso.

Kunyumba kwawo ku Nkolokosa kunalibe kompyuta, choncho mapulogalamu ankawalemba m'kope. M'minibasi, kope lili pamwendo, ankayendetsa chala mzere ndi mzere, kudziyesa kuti iwo ndiwo makinawo. Kawiri konse anapitirira siteji yawo. Loweruka lililonse ankapita kwa mchimwene wawo Hamdan, wokonza mafoni ku Limbe, amene ankawabwereka laputopu yosweka galasi. Mafunso awo sankatha. Chithunzi chimakwana bwanji m'kawaya? Ukafufuta chinthu chimapita kuti?

"Achemwali," Hamdan anadandaula tsiku lina, "ine ndimangokonza. Sindinapange ndine zinthuzi."

Mayeso achiwiri analepheranso. Mayankho ankawadziwa, koma ankataipa ndi zala ziwiri zokha ndipo nthawi inawathera. Analira pang'ono m'chimbudzi, n'kusukusula, n'kukapempha a Nasreen kiyibodi yakufa kuti azikayesererapo kunyumba. Ana awo ankaseka akamva kugogoda kwake pathebulo popanda sikirini, koma zala zinayamba kuzolowera.

Apa m'pamene chinthu china chinaonekera. Pulogalamu ya munthu ikakana, ena ankayang'ana mpaka maso kuwawa. Koma diso la Mayi Aminatu, limene linakalambira pakuchonga zimangirizo za ana, linkagwera pomwepo pamene pasowa kadontho. Anthu anayamba kuima pamzere pampando wawo. Tsiku lina anabwera ndi a Arthur, akukanda mutu: "Mayi, tandionereniko apa."

Anawaonera. Mayeso omaliza Mayi Aminatu anakhoza, anali nambala sikisi.

Makompyuta khumi aja anafika ku Chigumula. Magetsi akazima, Mayi Aminatu satseka kalasi. Amatenga choko, wophunzira mmodzi n'kukhala kompyuta, anzake n'kumamulamula mpaka akafike pakhomo osagunda desiki. Masiku atchuthi amaitanidwa kukaphunzitsa aphunzitsi anzawo a ku Manja ndi madera ena, ndipo amayamba ndi amene akhala kumbuyo, manja atabisa pansi pa thebulo.

Chaka chatha mtsikana wa folomu yachitatu, Shamila, analemba pulogalamu imene ukaipatsa mneni imakupangira nthawi zake. Kalasi yonse inaunjikana kudzaona. Anataipa "pita", makina n'kulemba: ndinapita, ndikupita, ndidzapita, pita! Ana anawomba m'manja.

"Taipatsa 'dya'," anatero Mayi Aminatu.

Makina analemba: ndinadya, ndikudya, ndidzadya, dya!

"Kwanu mumatero mukamauza mwana?"

"Ayi!" kalasi inayankha ikuseka. "Timati idya!"

Shamila sanaseke nawo. Anayang'anitsitsa sikirini, nsidze zitakumana. "Madamu, ndiye ndiiuze bwanji kuti mneni uyu ngosiyana ndi anzake?"

Mayi Aminatu anakoka mpando n'kukhala pambali pake. "Nanenso sindikudziwa, mwanawe. Tiye tifufuze."

Belu linalira, koma palibe amene anatuluka.

Inu amene mukuwerenga, mwina pali chinthu chimene mwachiyang'ana n'kunena kuti si chanu, n'cha ana amakono kapena anthu amasamu. Musafulumire kudziweruza. Zimene mwaphunzira m'zaka zanu zonsezi sizinapite pachabe, mwina mwangotsala pang'ono kupeza poti zigwire ntchito. Pamene simukumvetsa funsani, mukalephera bwereraninso. Musataye mtima, ndipo musachite manyazi kunena kuti, "Sindikudziwa, koma ndifufuza."