Tsiku Limene Ndinakayezetsa ku Bin Mahmoud

Ndinanyamuka ku Al Nasr, kumene ndimagona, Lachiwiri m'mawa, tsiku langa la ofu, nditavala shati yoyera ngati wopita kukafunsira ntchito. Ndimayendetsa basi ya antchito a hotela ina, ndipo palibe msewu wa mu Doha umene ndimauopa. Koma ulendo uwu wokha ndinauopa.

Ine ndi mkazi wanga Asiyatu takhala m'banja zaka zisanu ndi chimodzi popanda mwana. Kwathu ku Balaka abale anga anali atagamula kale kuti vuto ndi mkazi. Iye anakayezetsa kuchipatala, anamupeza ali bwinobwino. Ndiye tsiku lina anandiuza pafoni mosapsatira: "A Yusufu, ine ndatopa kulozedwa chala kuchigayo. Inunso kayezetseni, madokotala muli nawo pafupi."

Pakhomo ndinakumana ndi Che Bwanali, mlonda wachikulire amene timagona chipinda chimodzi, akuchokera ku shifiti.

"Mphwanga, shati imeneyi ikupita kuti?"

Nditawauza, anapisa m'thumba n'kutulutsa kamuzu ka gondolosi. "Tafuna aka, khalasi, nkhani yatha."

"Madala, ine sindinagwe mumpapaya ayi. Injini imalira bwinobwino. Chimene sitikudziwa ndi katundu amene galimoto imanyamula."

Anaseka mpaka kutsokomola. "Yala, fulumira, pita ukatsegulitse boneti."

Ndinayenda wapansi kulowera ku siteshoni ya Al Sadd, dzuwa litayamba kale kuwotcha pakhosi. Panjira ndinaima pa kashopu ka Mmwenye wina, n'kugula tiyi wa karaki wa riyale imodzi ndi chapati cha dzira. Ndinadya pang'onopang'ono kwambiri, ngati chapaticho chili ndi minga.

Sitima ya Metro ndi mariyale awiri, ndipo Bin Mahmoud, kumene kunali kiliniki, ndi siteshoni yotsatira chabe. Sitima inaima, zitseko zinatseguka, anthu anatsika. Ine ndinakhalabe pampando. Ndinangoona zitseko zikutsekeka, n'kukapezeka ndili pa siteshoni ina, ku Msheireb. Mtsikana wina wa ku Uganda wothandiza apaulendo anandiona ndikuzungulirazungulira.

"Achimwene, mwasochera?"

"Ayi, ndimangofuna kuona ngati sitima ya uku ikuzizira mofanana."

Anandiyang'ana ngati wamisala, koma anandilozera yobwerera.

Kiliniki ndinaipeza pamwamba pa sitolo ya mankhwala, kuseri kwa malesitilanti. M'chipinda chodikirira munali amuna okhaokha, aliyense maso ali pafoni, ngati tonse tagwidwa pa mlandu umodzi. Ndinakhala pafupi ndi bambo wina wonenepa wa ku Egypt, amene anandigunda ndi chigongono.

"Koyamba?"

Ndinavomera ndi mutu.

"Mafi mushkila, habibi," anatero, kutanthauza kuti palibe vuto, bwenzi langa. Anandionetsa chithunzi cha kamtsikana kopanda mano akutsogolo. "Ndinakhala pampando womwewu ndili ndi mantha ngati iwe. Lero ndabwerera, tikufuna wachiwiri."

Dokotala anali bambo wa imvi wa ku Sudan, wofunsa zinthu zochititsa manyazi ngati akufunsa mtengo wa tomato. Kodi thupi limadzuka bwino? Kodi mumamaliza msanga? Munadwalapo matenda opatsirana? Mumasuta? Mumakhala maola angati pampando wa basi? Ndinayankha zonse, maso ali pa nsapato. Kenako anafunsa kuti mkazi wanga ndimaonana naye kangati.

"Mwezi umodzi pachaka, bwana. Ndakhala kuno zaka zinayi."

Anavula magalasi. "Bambo dalaivala, mwana sabwera pa vidiyo kolo."

Ndinaseka koyamba tsiku limenelo. Anandifotokozera kuti pamwezi mayi amakhala ndi masiku ochepa okha amene angatenge pakati, ndipo tchuthi changa chikhoza kumangowaphonya. Atandipima anapezanso kuti mitsempha ya ku thumba la mbewu, mbali ya kumanzere, ndi yotupa. Anati zimenezi zimachulukitsa kutentha, ndipo mbewu ya abambo sikondwa ndi kutentha.

Kenako nesi anandipatsa kabotolo n'kundilozera kachipinda. Za m'menemo sindilemba. Ndingonena kuti ndinatuluka ndikuyenda ngati munthu wobisa nkhuku yakuba, pamene nesiyo analandira kabotoloko osandiyang'ana n'komwe. "Mubwere fili koloko," anatero.

Nkhomaliro ndinadya pa lesitilanti ya Apakistani, biriyani ya nkhuku ya mariyale khumi ndi awiri, yatsabola wotulutsa misozi. Zinandithandiza, chifukwa wondiona akanati ndi tsabola basi. Kunja kunali kotentha moti ndinakhalabe momwemo, ndikuitanitsa madzi, mpaka woperekera zakudya anayamba kupukuta tebulo langa ndili pomwepo.

Madzulo dokotala sanazungulire. Mbewu ilipo, koma ndi yochepa, ndipo yambiri ndi yaulesi. Anati tidzayezanso pakapita nthawi kuti titsimikize, ndipo ngati zili choncho pali kaopaleshoni kakang'ono ka mitsempha ija. Anandiuza ndisiye kusuta fodya wa shisha, ndizivala zamkati zomasuka, ndizitsika m'basi kukawongola miyendo ndikapeza mpata. "Sindikulonjeza mwana," anatero, "wopereka ndi Mulungu. Koma apa pali pogwira. Ndipo tchuthi chikubwerachi mukachikonze ndi akazi anu, osati ndi abwana anu okha."

Ndinatsika masitepe mtima uli mbee, zimene zinandidabwitsa. Ndimayesa kuti ndikamva kuti vuto lili kwa ine ndigwa pansi. Koma chinthu chikakhala ndi dzina chimachepa msinkhu.

Ndinakhala pa benchi pafupi ndi siteshoni n'kuimbira Asiyatu. Ndinamuuza zonse, ngakhale za mbewu yaulesi. 

"Yaulesi?" anatero. "Yatengera mwini wake pa nkhani yochapa."

Tinaseka tonse, koma ndinamva kuti iye akuseka uku akulira.

"Nanga amayi anu awauza ndani?"

"Ndiwauza ndekha. Lero lomwe."

"Dikirani kaye," anatero. "Ndivale chitenje ndipite komweko. Muimbe ndili pakhonde pawo, ndikufuna ndimve ndi makutu anga."

Ndinakwera sitima yobwerera ku Al Sadd ndikuganiza za zaka zonse zimene mkazi wanga anasenza yekha katundu wa anthu awiri, pamene mayankho anali siteshoni imodzi kuchokera pamene ndimagona. Ndisanafike kuchipinda, foni inalira. Anali Asiyatu.

"Ndafika. Amayi ndawayalira mkeka, ali pano. Yankhulani."